Mneneri Amene Anayankha Kawiri Mofanana: Kusanthula 1 Mafumu 19

Mutu 18 wa buku loyamba la Mafumu umathera pamene wokamba nthano aliyense akanakonda kuthera. Moto watsika pa Karimeli n'kunyeketsa nsembe, nkhuni, miyala ndi madzi omwe a m'ngalande; khamu lagwa chafufumimba kuvomereza Yehova; aneneri a Baala, amene anali 450, aphedwa kumtsinje wa Kisoni; mvula yagwa m'chaka chachitatu cha chilala, ndipo Eliya wathamanga patsogolo pa galeta la mfumu Ahabu mpaka ku Yezireeli. Pampondachimera ndi pamenepa. Koma mlembi akupitiriza, ndipo mutu 19 akuutsegula ndi kanthu kozizira: mwamuna akusimbira mkazi wake zimene zachitika. Tiyang'anitsitse zimene Ahabu akusankha kunena. Akukamba zimene Eliya anachita ndi mmene anaphera aneneri ndi lupanga. Moto sukutchulidwa, mvula sikutchulidwa, ndipo dzina la Yehova mulibemo. M'kamwa mwa mfumu, nkhani ya Karimeli yasanduka nkhani ya munthu mmodzi wamphamvu ndi lupanga lake. Vesi loyambali ndi kalosera wa mutu wonse, pakuti matenda a Eliya m'mavesi otsatirawo ndi akuti nayenso waikhulupirira nkhaniyo monga Ahabu anaisimbira.

Yezebeli, mkazi wa Ahabuyo, mwana wa Etibaala mfumu ya Asidoni, akuyankha ndi mthenga ndi lumbiro, ndipo akumupatsa Eliya tsiku limodzi. Wofuna kupha munthu samutumizira uthenga womuuza nthawi. Mfumukaziyi ikufuna mneneri achoke yekha, kuti anthu amene anamuona dzulo paphiri amuone lero akuthawa. Zikuyendadi momwemo. Vesi 3 likuthamanga ndi aneni afupiafupi otsatizana, kudzuka, kuthawa, kufika, kusiya, popanda mpata wopumira. Liwiro limeneli limabisa chinthu chimene wowerenga mitu 17 ndi 18 ayenera kuchiona kuti chasowa. Kufikira pano, phazi la Eliya silinasunthe popanda mawu a Yehova: mawu ndi amene anamutuma kumtsinje wa Keriti, mawu anamuchotsako kupita ku Zarefati, mawu anamuuza kukaonekera kwa Ahabu. Uno ndi ulendo wake woyamba umene palibe amene wamutuma. Mlembi sakudzudzula. Wangochotsa chiganizo chimene tinazolowera kuchimva kumayambiriro a ulendo uliwonse, ndipo kusowa kwake ndiko kukutiuza zonse.

Dzina la malo nalo laikidwa mosamala. Eliya akufika ku Beereseba, ndipo mfotokozankhani akuwonjezera kuti mzindawu ndi wa Yuda. Kuchoka ku Yezireeli ndi mtunda wa makilomita oposa 150, kunja kwa ufumu wa Ahabu, kumalire akumwera kwenikweni kwa dziko lonse. Apa dzanja la Yezebeli silifikapo. Mantha akanakhala okha omuyendetsa, Eliya akanaima pamenepa. Iye akupitirira ulendo wa tsiku limodzi kulowa m'chipululu, ndipo asanatero akusiya mnyamata wake. Mnyamata ameneyu si mpangankhani wachabechabe. Ndi yemwe uja anatumidwa kasanu ndi kawiri kukayang'ana kunyanja, yemwe anaona kamtambo kakang'ono ngati dzanja la munthu. Ndiye mboni yapafupi ya pemphero loyankhidwa, munthu yekhayo paulendowu amene akanatha kumukumbutsa mbuye wake za dzulo. Kumusiya ndiko kutula pansi udindo, pakuti mneneri wopanda womutumikira ndi mneneri amene watseka ntchito. Komanso ndiko kuchotsa pafupi munthu amene akanatsutsa nkhani imene Eliya wayamba kudziuza. Posachedwa adzadandaula kuti watsala yekha. Mlembi wayamba watisonyeza kuti mbali ina ya kukhala yekhako anaikonza ndi manja ake.

Pansi pa kamtengo ka m'chipululu mayendedwe a nkhani akusintha. Munthu amene wakhala akuima pamaso pa mfumu ndi kuthamanga patsogolo pa akavalo tsopano akukhala pansi, kenaka akugona. Thupi likutsika pang'onopang'ono kufikira lafika pafumbi. Mawu akuti moyo akuzungulira ndime yonseyi: Yezebeli walumbira pa moyo wa Eliya, mneneriyo wathawa kupulumutsa moyo wake, ndipo atafika pabwino akupempha Mulungu kuti autenge moyo womwewo. Wathawa imfa mtunda wonsewu kuti akaipemphe. Zimenezi zikuoneka ngati zosemphana, koma zikuulula kuti chimene akukana ndi kufa m'manja mwa Yezebeli, kufa ngati wogonja. Chifukwa chimene akupereka m'pemphero lake n'chachifupi ndipo n'cholasa: iye saposa makolo ake. Munthu sangakhumudwe kuti saposa makolo ake ngati sanayembekezere kuwaposa. Eliya anakwera Karimeli akukhulupirira kuti chimene chinawakanika onse amene anamutsogolera, iye adzachimaliza tsiku limodzi ndi moto umodzi. Moto unatsikadi, koma kunyumba ya mfumu sikunasinthe kanthu. Kutopa kwake ndi kwa munthu amene wapambana n'kupeza kuti kupambanako sikunakwanire, ndipo mlembi akudziwa kuti kutopa kotere n'kozama kuposa kwa wolephera. Mose nayenso anapempha imfa pa Numeri 11 polemedwa ndi anthu, ndipo m'chipululu chomwechi cha Beereseba ndi mmene Hagara anaika mwana wake pansi pa chitsamba kuti asamuone akufa. Eliya wagona pamalo odziwika kale m'Malemba, a anthu amene mphamvu zawathera.

Mthenga woyamba anabwera ndi imfa. Wachiwiri, mngelo, akubwera ndi chakudya. Mavesi 5 mpaka 8 ndi odekha kuposa ena onse m'mutuwu, ndipo luso lawo lili pa zinthu zing'onozing'ono zogwirika: dzanja lokhudza, mkate wootchedwa pamoto, mtsuko wa madzi, zonse zili kumutu kwa wogonayo, pamene safunika ngakhale kuimirira kuti azifikire. Mngelo salalikira, samufunsa chifukwa chothawira, sayankha pemphero la imfa lija. Akungomudzutsa kuti adye, monga mayi amadzutsira mwana wodwala kuti amwe phala n'kumulola agonenso. Eliya akudyadi, akumwa, n'kugonanso, osanena ngakhale liwu limodzi lothokoza, ndipo mlembi sakumuimba mlandu. Kudyetsedwa kumeneku ndi kachitatu m'mbiri yake, pambuyo pa makwangwala a ku Keriti ndi mayi wamasiye wa ku Zarefati, ndipo nthawi zonse zitatu mneneri wamkuluyu ndi wolandira, wodyera m'manja mwa ena. Chibwereza choyamba cha mutuwu chili pano: mngelo akubweranso, akumukhudzanso, akumuuzanso kuti adye. Koma ulendo wachiwiri akuwonjezera chifukwa, chakuti ulendo umene uli kutsogolo ndi waukulu kumuposa. Chakudya choyamba chinali chobwezera zimene zatha. Chachiwiri n'cha zimene zikubwera. Munthu amene anapempha kuti zonse zithere pano wauzidwa, mosamukakamiza, kuti kutsogolo kuli njira. Tisunge m'mutu kachitidwe kameneka ka mlembi, kakuti akabwereza chinthu amasinthako pang'ono, ndipo tanthauzo limakhala m'kasinthidweko.

Mngelo sanatchule kumene ulendowo ukupita. Phiri la Horebu ndi chisankho cha Eliya, ndipo masiku 40 ndi usiku wake amene akuyenda si muyeso wa mtunda. Deuteronomo amati kuchoka ku Horebu kufika ku Kadesi Barinea, kumwera kwa Beereseba, ndi masiku 11 okha. Nambalayi ndi ya Mose, amene anakhala masiku 40 paphiri lomweli osadya, ndiponso ya Israele amene anazungulira zaka 40 m'chipululu. Eliya akuyenda chobwerera m'mbiri ya mtundu wake, kuchoka m'dziko la lonjezo kupita kumene pangano linayambira, ngati wobweza katundu kwa mwini wake. Phanga limene akugonamo likutikumbutsa mng'alu wa thanthwe umene Mose anabisidwamo pa Eksodo 33 pamene ulemerero wa Yehova unadutsa. Mlembi wamanga chifaniziro chimenechi mwadala kuti kusiyana kwa anthu awiriwa kuonekere. Mose paphiri ili, anthu atapembedza mwana wang'ombe wagolide, anaima pakati n'kuwapepesera mpaka kupereka dzina lake lomwe kuti lifafanizidwe. Eliya wabwera kudzawaneneza. Paulo pa Aroma 11 anawerenga ndimeyi momwemo, kuti mneneriyu anachonderera Mulungu motsutsana ndi Israele.

Mawu a Yehova, amene anali zii kuyambira pa vesi 1, akubwera tsopano, ndipo akubwera ngati funso la chimene Eliya akuchita kumeneko. Kulemera kwa funsoli kuli pa malo. Mneneri wa ufumu wakumpoto ali kumwera kwenikweni, kutali ndi anthu onse amene anatumidwa kwa iwo. Komabe funsoli si lachodziwadziwa. Limutsegulira pakamwa munthu amene wakhala chete masiku 40. Yankho lake n'lomangidwa bwino kwambiri, ndipo kumangika kwakeko ndiko kumatichenjeza, pakuti likumveka ngati mawu amene munthu wawabwereza mumtima njira yonse. Likuyamba ndi iye mwini ndi changu chake, pakati likuika milandu itatu yofanana kutalika, pangano losiyidwa, maguwa ogwetsedwa, aneneri ophedwa, kenaka likubwereranso kwa iye mwini, wotsala yekha ndi wofunidwa moyo. Israele yense wapanikizidwa pakati pa Eliya woyamba ndi Eliya womaliza. Palibe chonama chenicheni m'mawuwa, koma taonani zimene zasiyidwa. Yezebeli, amene anamuthamangitsa, sakutchulidwa. Mlandu wake wasenzetsedwa mtundu wonse. Guwa logwetsedwa analimanganso yekha pa Karimeli ndi miyala 12, anthu akuona. Anthu omwewo anagwada n'kuvomereza, ndipo ndi iwo amene anagwira aneneri a Baala iye atalamula. Obadiya, woyang'anira nyumba ya mfumu, anamuuza pamaso kuti anabisa aneneri 100 m'mapanga, magulu awiri a 50, n'kumawadyetsa mkate ndi madzi. Eliya ali m'phanga, atadya mkate ndi madzi, akunena kuti palibe wina. Mutu 18 wonse wafufutika m'chikumbumtima chake, ndipo mlembi watipatsa ife owerenga zonse zofunika kuti tione chimene mneneri sakuchionanso.

Ndime yodziwika kwambiri, mavesi 11 ndi 12, ili ndi kayendedwe ka ng'oma: kugunda kutatu kofanana, kenaka kwachinayi kosiyana. Mphepo yong'amba mapiri ndi kuswa matanthwe ikudutsa, ndipo tikuuzidwa kuti Yehova sanali mmenemo; chivomezi, chimodzimodzi; moto, chimodzimodzi. Mphepo yafotokozedwa motalika, chivomezi ndi moto zangotchulidwa mayina, kotero kuti ziganizo zikufupika pamene zikuyandikira mapeto, ngati phokoso likutha. Zizindikiro zitatuzi si zachilendo. Zikukumbutsa za pa Eksodo 19, pamene phiri linafuka utsi ndi kugwedezeka. Ndi zomwenso opembedza Baala ankati ndi za mulungu wawo wa mphepo ndi mvula. Koposa zonse, ndi zida za Eliya mwini: moto ndi umene anauika kukhala umboni pa Karimeli, ndipo mvula inabwera ndi mitambo yakuda ndi mphepo. N'chifukwa chake moto waikidwa komaliza pa zitatuzo, pamalo opweteka kwambiri. Mlembi sakukana kuti moto wa Karimeli unachokera kwa Yehova. Akulekanitsa chimene Yehova amatuma ndi Yehova mwiniyo, kwa mtumiki amene anaziphatikiza ziwirizi mpaka kuganiza kuti moto ukalephera kusintha mfumukazi ndiye kuti ntchito ya Mulungu yalephera. Kugunda kwachinayi ndi kamawu kochepetsetsa, koyandikana ndi bata, ndipo apa mlembi akuchita chinthu chimene ambiri sachiona: sakunena kuti Yehova anali mmenemo. Katatu konse wakana poyera. Kachinayi wangokhala chete. Chimene chikuchitira umboni ndi thupi la Eliya, amene akuphimba nkhope ndi chofunda chake n'kutuluka. Lamulo lotuluka kukaima paphiri linaperekedwa pa vesi 11, koma akusuntha pa vesi 13, ndipo akungofika pakhomo la phanga. Mphepo, chivomezi ndi moto zonse zinamupeza ali mkati. Wamvera mochedwa, ndipo wamvera theka.

Maulaliki ambiri pa mutuwu amathera pa vesi 12, ndipo n'zomveka. Ndi vesi lokoma kwa mbusa wotopa, ndiponso kwa onse amene amakwera mapiri kukasala kudya ndi kupemphera, akuyembekezera kutsika ali anthu ena. Tikanakonda kuti Eliya atamva kamawuko agwe pansi, alape, atsike phiri ali watsopano. Mlembi akukana kutipatsa zimenezo, ndipo kukana kumeneku ndiko msana wa mutu wonse. Funso lija likubweranso momwe linalili. Yankho nalo likubweranso, vesi 14 likufanana ndi vesi 10, changu chomwecho, milandu itatu yomweyo, kutsala yekha komweko. Pali akatswiri amene amaona apa chizindikiro chakuti nkhani ziwiri zinalumikizidwa kapena kuti wokopera anabwereza. Koma mutuwu monga tili nawo umadalira chibwereza chimenechi, ndipo tauona kale mchitidwe wa mlembi. Mngelo atabwera kachiwiri anawonjezera kanthu. Zizindikiro za paphiri zinabwerezedwa katatu n'kusintha kachinayi. M'mutu umene chilichonse chobwerezedwa chimasuntha pang'ono, mawu a Eliya okha ndi amene aima chilili. Wadya chakudya cha mngelo, wayenda masiku 40, waima pamene Mose anaima, wazindikira kupezeka kwa Mulungu mpaka kubisa nkhope, koma nkhani imene amadziuza sinasinthe ngakhale liwu limodzi. Ndi mabuku ochepa achipembedzo amene angalimbe mtima kulemba zotere za ngwazi yawo. Nkhope yophimbidwayo ili ndi matanthauzo awiri nthawi imodzi: ndi ulemu wa wodziwa kuti munthu saona Mulungu, ndiponso ndi chithunzi cha munthu amene sakuona.

Chimene Yehova akuchita ndi yankho lachiwirili ndicho chiphunzitso cha mutuwu pa za kutsitsimuka kwa mtumiki. Sakutsutsana naye, sakumutonthoza, ndipo sakudikira kuti mtima wake uyambe wasintha. Akumuuza kuti abwerere njira imene anadzera, mpaka kuchipululu cha Damasiko, kumpoto kopitirira kumene anachokera. Mawu otuma, amene anasowa pa vesi 3, abwerera. Eliya analankhula za ana a Israele mwachisawawa, ngati chigulu chopanda nkhope. Yehova akuyankha ndi mayina. Hazaele adzozedwe kukhala mfumu ya Aramu, Yehu wa banja la Nimsi kukhala mfumu ya Israele, Elisa mwana wa Safati wa ku Abele Mehola kukhala mneneri. Womalizayu wapatsidwa dzina, bambo ndi mudzi, kuti wodandaula kuti palibe wina adziwe khomo lenileni lokagogoda. Ndipo atatuwa alumikizidwa ndi unyolo wa lupanga, wopulumuka kwa woyamba agwe kwa wachiwiri, wopulumuka kwa wachiwiri agwe kwa wachitatu. Amene amawerenga kamawu kaja ngati chizindikiro chakuti Mulungu wasiya kuweruza ayenera kuwerenga vesi 17. Kamangidwe ka paphiri kabwereranso m'mbiri ya anthu: zowononga zitatu, kenaka chachinayi chosamveka phokoso. Chachinayicho ndi anthu 7,000, amene akufotokozedwa ndi ziwalo ziwiri zokha, mawondo amene sanagwadire Baala ndi pakamwa pamene sipanamupsompsone. Sanaitane moto, sanaime pamaso pa mfumu. Kukhulupirika kwawo kuli pa zimene anakana kuchita, ndipo n'chifukwa chake mneneri wozolowera zazikulu sanawawerenge. Nambalayi, imene ikugwetsa dandaulo lonse la Eliya, yaikidwa kumapeto kwenikweni kwa mawu a Yehova, pambuyo pa ntchito, ngati kanthu kongowonjezera. Mulungu wayamba wamudzutsa ndi kumutuma, kenaka n'kumukonza.

Pa ntchito zitatuzo, yolasa kwambiri ndi yachitatu, chifukwa Elisa adzakhala mneneri m'malo mwa Eliya. Apa ndi pamene pemphero la pansi pa kamtengo likuyankhidwa. Anapempha kuti amasulidwe, ndipo wauzidwa kuti adzamasulidwadi, koma kudzera mwa munthu amene ayenera kumufunafuna, kumuitana ndi kuyenda naye. Mose atadandaula kuti sangathe kusenza anthu yekha anapatsidwa akuluakulu 70 omuthandiza; Eliya wapatsidwa wolowa m'malo. M'menemo muli chifundo ndi chidzudzulo zosalekanitsika. Munthu amene amakhulupirira kuti zonse zatsamira pa iye amavutika ndi katundu, komanso amamukonda katunduyo, pakuti ndiye amamuuza kuti ndi wofunika. Kumuchotsera katundu ndiko kumuchotseranso ulemu umene unabwera nawo. Mlembi sakulemba mmene Eliya anamvera. Paphiri mawu omaliza ndi a Yehova, ndipo vesi 19 likungoti mneneri anachoka kumeneko.

Chithunzi chomaliza chikutichotsa pathanthwe n'kutiika m'munda. Elisa akulima ndi ng'ombe za magoli 12, iye ali ndi goli lomaliza. Nambalayi ikusonyeza banja lopeza bwino, ikukumbutsa mafuko 12 ndi miyala ya pa Karimeli, komanso ikutanthauza kuti patsogolo pake pali olima ena: wolowa m'malo wa mneneri wokonda kuyenda yekha akupezeka ali pakati pa anzake, pantchito yogwirira limodzi. Pali chinanso chimene mlembi sakuchitchula koma chili poyera. Nthaka ikulimika. Pambuyo pa chilala chonse chija anthu abwerera kuminda, ndipo Eliya akudutsa pakati pa zotsatira za pemphero limene analiiwala pa Horebu. Kachitidwe kake, komabe, n'ka munthu yemwe uja. Anauzidwa kudzoza, koma mafuta sakuoneka. Akudutsa, monga Yehova anamudutsira paphiri, akuponya chofunda chake pa mnyamatayo osanena kanthu, ndipo akupitirira, kotero kuti Elisa akuchita kumuthamangira. Chofunda chimene chinabisa nkhope pakhomo la phanga ndicho tsopano chikuitana wina. Chinthu chimodzi chagwira ntchito yodzitsekera ndi yopereka. Elisa akapempha kukapsompsona bambo ndi mayi ake, mawu amene akugwirizana ndi pakamwa pa anthu 7,000 aja, yankho la Eliya n'lachidule ndi losamveka bwino, lotheka kulimva ngati chilolezo kapena ngati kukankha. Mlembi walisiya choncho dala. Mneneri wamvera, koma palibe chotisonyeza kuti wamvera mokondwa.

Chimwemwe chonse cha ndimeyi chili kwa Elisa. Akupha ng'ombe ziwiri, akuphika nyamayo ndi mitengo ya zolimira zake, n'kugawira anthu. Kutentha goli ndiko kutseka njira yobwerera, ndipo kumeneku n'kusiya ntchito kwachiwiri m'mutuwu: Eliya anasiya yake ali yekha n'kupempha imfa, Elisa akusiya yake pamaso pa mudzi n'kukonza phwando. Moto, umene pa Karimeli unanyeketsa ng'ombe yonse osasiya kanthu ndipo pa Horebu unadutsa wopanda Yehova, pano ndi moto wophikira, woyatsidwa ndi munthu. Chakudya chimene Eliya anadya kawiri payekha tsopano chikudyedwa ndi gulu. Mutuwu ukutsekedwa ndi kutumikira: Elisa ananyamuka, anamutsatira, namutumikira. Mpata umene unatseguka ku Beereseba wadzazidwa, ndipo wodzakhala mneneri wamkulu akuyamba ngati wantchito, amene pa 2 Mafumu 3 akukumbukiridwa monga munthu amene ankathira madzi m'manja mwa Eliya.

Mitu yotsatira sikusintha chithunzichi. Eliya akuonekanso m'munda wamphesa wa Naboti pa mutu 21, atatumidwa ndi mawu a Yehova monga kale, lilime lake lili lakuthwa momwe linalili. Pa 2 Mafumu 1 akuitananso moto pa magulu awiri a asilikali 50. Pa tsiku lake lomaliza akuyesa katatu kumusiya Elisa m'mbuyo, ku Giligala, ku Beteli ndi ku Yeriko, monga anasiyira mnyamata uja. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu akukana kutsala. Khalidwe la munthuyo ndi lomwelo, koma wabwerera pantchito ndipo ali ndi mnzake amene sangathe kumuthamangitsa. Ndipo pa ntchito zitatu za pa Horebu, ziwiri sanazigwire. Hazaele anauzidwa za ufumu wake ndi Elisa ku Damasiko, pa 2 Mafumu 8, mneneriyo akulira poona zimene munthuyo adzachitire Israele. Yehu anadzozedwa pa mutu 9 ku Ramoti Giliyadi, ndipo ngakhale Elisa sanapiteko yekha: anatuma mnyamata wa m'gulu la aneneri, amene dzina lake silinalembedwe, ndi botolo la mafuta ndi malangizo akuti akangothira atsegule chitseko n'kuthawa.